Makompyuta Athu m'Manja mwa Ena: Lonjezo Lafika Pati?

Pamene intaneti yothamanga inayamba kufika m'maofesi ambiri padziko lapansi, eni mabizinesi anauzidwa kuti nthawi yodzisamalira okha makompyuta yatha. Sitolo, chipatala, sukulu kapena kampani ya mtengatenga inalibenso chifukwa cholembera akatswiri akeake, kugula maseva odula ndi kuwamangira chipinda chozizira, popeza kunja kunali makampani amene ntchito yawo ndi yomweyo: kuyendetsa netiweki za ena, kuwasungira mafayilo, ndi kuwakonzera makina ali kutali. Anati mtengo utsika, ndipo ntchito iziyenda usana ndi usiku. Koma chimene chinakopa ambiri chinali chitetezo. Kampani yaing'ono inalonjezedwa kuti idzatetezedwa ndi anthu odziwa, monga mmene banki yaikulu imatetezedwera, pa ndalama ya pamwezi imene ingakwanitse. Papita zaka zokwanira tsopano kuti tikhale pansi, tiunike limodzi kuti lonjezolo lafika pati.

Mbali ina yakwaniritsidwa, ndipo tisaibise. Ofesi ya maloya asanu imene kale inkataya ntchito ya chaka chathunthu kompyuta imodzi ikapsa, lero imapeza mafayilo ake ali bwinobwino kwina. Mapulogalamu amene ankatha zaka osakonzedwa tsopano amakonzedwa usiku anthu ali mtulo. Amene amanena kuti kupereka ntchitoyi kwa ena kunali kulakwitsa kuyambira pachiyambi aiwala mmene zinthu zinalili seva ikamakhala pansi pa desiki la akauntanti, yodzaza fumbi, popanda woiyang'anira. Chimene sichinanenedwe momveka pa nthawi yosainirana makontirakiti n'chakuti chiopsezo sichinathe. Chinangosamuka, ndipo kumene chinapitako chinakaunjikana pamodzi ndi cha ena.

Nayi njira yake. Kuti katswiri athe kukonza kompyuta ya kasitomala iye ali patali, kampani yake imaikamo kapulogalamu kamene kamamvera malamulo ochokera ku seva yawo. Kapulogalamuko kali ndi mphamvu zonse. Kangatsegule fayilo iliyonse, kuika pulogalamu yatsopano, kufufuta zimene zilimo, ngakhale kuzimitsa pulogalamu yolimbana ndi mavairasi. Popanda mphamvu zimenezi ntchitoyo singagwirike. Ndiye seva imodzi yomweyo imalamula makompyuta a makasitomala makumi, mwina mazana. Zili ngati amalonda onse a pamsika atasungitsa makiyi a mashopu awo kwa mlonda mmodzi. Mlondayo angakhale wamphamvu ndi wokhulupirika kuposa aliyense wa iwo, koma wakuba safunikanso kuthyola maloko limodzilimodzi, amangofunika kumupeza iyeyo.

Chenjezo loyamba lomveka linabwera kumapeto kwa 2013, pamene masitolo a Target ku America anaberedwa manambala a makhadi olipirira pafupifupi 40 miliyoni, komanso mayina, maadiresi ndi manambala a foni a anthu ofika 70 miliyoni. Akubawo analowa ndi mawu achinsinsi amene anaba ku Fazio Mechanical Services, kampani yaing'ono ya ku Pennsylvania yokonza makina oziziritsa, imene inali ndi chilolezo cholowa pa netiweki ya Target potumiza mabilu ndi zikalata za ntchito. Mkulu wa Target, a Gregg Steinhafel, anatula pansi udindo mu Meyi 2014. Ambiri anatolapo phunziro lakuti wofunika kumuopa ndi kontirakitala wamng'ono wosadziwa za makompyuta, ndipo anathamangira kwa akuluakulu a ntchitoyi ali ndi mtima wokhazikika.

Mtima umenewo sunakhazikike nthawi yaitali. Mu Epulo 2017 makampani a PwC ndi BAE Systems anatulutsa lipoti la chiwembu chimene anachitcha Operation Cloud Hopper. Gulu lodziwika kuti APT10 linali litatha zaka likulowa m'makampani oyendetsa netiweki za ena, osati pofuna za makampaniwo, koma kuti lidutsirepo kukafika kwa makasitomala awo ndi kuba zinsinsi za malonda ndi za ukatswiri. Mu Disembala 2018 boma la America linaimba mlandu nzika ziwiri za China, Zhu Hua ndi Zhang Shilong, n'kunena kuti ankagwira ntchito mogwirizana ndi unduna wa zachitetezo wa dzikolo ndipo kuti okhudzidwa anali m'mayiko osachepera 12. Dziko la China linakana. Chaka chotsatira atolankhani a Reuters anatchula Hewlett Packard Enterprise ndi IBM pakati pa makampani amene analoweredwa. Anafotokozanso chinthu china chimene ife tikuchiona kuti n'cholemera kuposa kuba kwenikweniko: nthawi zina makampani osamalira netiweki sankauza makasitomala awo zonse zimene ankadziwa, poopa milandu ndi kuonongeka kwa mbiri. Apa ndi pamene zinaonekera kuti zofuna za wosamalira ndi za wosamaliridwa zimayendera limodzi masiku abwino okha. Zinthu zikavuta, wina amafuna kudziwa zonse mwamsanga, pamene winayo amayamba wafunsa kaye maloya ake.

Nkhani ya kampani ya SolarWinds mu Disembala 2020 inaonetsa kuti ngakhale pulogalamu yoyang'anira netiweki ingathe kubwera ndi poizoni kuchokera kwa oipanga. Makasitomala pafupifupi 18,000 analandira pulogalamu yake yotchedwa Orion ili yosokonezedwa, ngakhale kuti amene analoweredwadi anali ochepa, ndipo pakati pawo panali nthambi zisanu ndi zinayi za boma la America. Boma limenelo linaloza chala bungwe la akazitape la Russia la SVR. Komabe zimenezi zinkamveka ngati nkhondo ya maboma, yosakhudza wogulitsa buledi. Chimene chinafikitsa nkhaniyi pa khomo la munthu wamba chinachitika miyezi isanu ndi iwiri pambuyo pake.

Lachisanu pa 2 Julayi 2021, Amereka ambiri atayamba kale kunyamuka kupita ku tchuthi cha tsiku la ufulu wawo, gulu la zigawenga za pa intaneti la REvil linalowa m'maseva a VSA, pulogalamu ya kampani ya Kaseya imene makampani osamalira makompyuta amagwiritsa ntchito poyang'anira makina a makasitomala. Kudzera mu pulogalamuyo linatumiza ransomware, kachilombo kamene kamatseka mafayilo onse mpaka mwini wake atalipira dipo. Makompyuta anakalandira mosakayika chifukwa kanachokera kumene malamulo onse amachokera. Makasitomala enieni a Kaseya amene anakhudzidwa sanapitirire 60. Koma ambiri mwa iwo anali osamalira netiweki za ena, choncho malinga ndi Kaseya yomwe, mabizinesi apakati pa 800 ndi 1,500 anapezeka atatsekeredwa kunja kwa makompyuta awo.

Ku Sweden, masitolo a zakudya a Coop pafupifupi 800 analephera kutsegula chifukwa makina olipirira anali atafa. Coop sinagule kanthu kwa Kaseya. Makina ake olipirira ankasamaliridwa ndi kampani ya Visma EssCom, ndipo Visma EssCom ndi imene inkagwiritsa ntchito pulogalamu ya Kaseya. Mayi amene anafika pa sitolo Loweruka m'mawa kudzagula mkaka n'kupeza chitseko chotseka anali kumapeto kwa unyolo wa makampani atatu, ndipo awiri mwa iwo anali asanawamvepo. Panatenga masiku angapo kuti masitolowo abwerere mwakale, popeza makinawo anafunika kukonzedwa sitolo ndi sitolo. Achiwembuwo anafuna madola 70 miliyoni kuti apereke kiyi wotsegulira onse pamodzi.

Zimene zinadziwika pambuyo pake n'zofunika kuzilingalira modekha. Akatswiri ongodzipereka a bungwe la ku Netherlands la DIVD anali atapeza kale ming'alu mu VSA ndipo anauza Kaseya mu Epulo chaka chomwecho. Kampaniyo inali ikutseka ming'aluyo, ina inali itatsekedwa kale, koma akuba anafika ntchito isanathe. Sitingati Kaseya inagona, komanso sitingati miyezi itatu inali yochepa pa pulogalamu yokhala ndi mphamvu zoterozo. Makasitomala a pansi sankadziwa n'komwe kuti pali mpikisano wotere pamwamba pa mitu yawo. Kiyi wotsegulira anafika patatha pafupifupi milungu itatu, ndipo Kaseya inati sinalipire dipo. Kenako nyuzipepala ya Washington Post inaulula kuti apolisi a FBI anali naye kiyiyo poyamba koma anamusunga kaye pofuna kusokoneza gulu la REvil. Mwina chiganizo chimenecho chinali ndi zifukwa zake, koma amene anasenza mtolo wake ndi eni mabizinesi ang'onoang'ono amene sanafunsidwe. Mmodzi mwa achiwembuwo, Yaroslav Vasinskyi wa ku Ukraine, anagwidwa ku Poland mu Okutobala 2021 ndipo mu Meyi 2024 khoti la ku America linamulamula kukakhala kundende zaka 13 ndi miyezi 7. Chilungamo chinachitika, koma patapita zaka pafupifupi zitatu.

Maboma sanangokhala. Mu Meyi 2022 mabungwe oona za chitetezo cha pa intaneti a America, Britain, Canada, Australia ndi New Zealand anatulutsira limodzi malangizo okhudza makampani osamalira netiweki ndi makasitomala awo. Munalibe zachilendo. Anati aliyense wolowa kuchokera kutali asamangodalira pasiwedi, koma pakhale chitsimikizo chachiwiri, monga nambala imene imabwera pa foni. Anati netiweki izigawidwa kuti wolowa chipinda chimodzi asafike monse, kaundula wa amene alowa azisungidwa kwa miyezi yosachepera 6, ndipo kontirakiti izinena poyera kuti udindo uti ndi wa yani. Funso ndi lakuti malangizowa anamvedwa kapena ayi.

Yankho la zaka zotsatira silolimbikitsa kwenikweni. Mu Febuluwale 2024 achiwembu analowa mu Change Healthcare, kampani imene imayendetsa malipiro pakati pa zipatala, malo ogulitsa mankhwala ndi makampani a inshulansi ku America. Amene pa nthawiyo anali mkulu wa kampani imene ndi mwini wake, a Andrew Witty, anavomera pamaso pa nyumba ya malamulo kuti khomo limene akubawo analowera linalibe chitsimikizo chachiwiri, ndiponso kuti analipira dipo la madola 22 miliyoni. Mbiri za anthu pafupifupi 190 miliyoni zinakhudzidwa. Mu Juni chaka chomwecho, ku London, chiwembu pa Synnovis, kampani yoyeza magazi m'zipatala za King's College ndi Guy's and St Thomas', chinachititsa kuti odwala oposa 10,000 asinthiridwe masiku oonana ndi dokotala, ndipo maopaleshoni ambiri anaimitsidwa. Patatha chaka, akuluakulu a chipatala anatsimikiza kuti kuchedwa kwa zotsatira za magazi kunali chimodzi mwa zimene zinachititsa imfa ya wodwala mmodzi. Kuyambira pamenepo n'kovuta kunena kuti nkhaniyi ndi ya akatswiri a makompyuta okha. Mu Epulo 2025 masitolo a Marks & Spencer anaimitsa malonda a pa intaneti kwa milungu yoposa 6, ndipo anayerekeza kuti phindu lawo litsika ndi mapaundi pafupifupi 300 miliyoni. Wapampando wake, a Archie Norman, anauza aphungu kuti akubawo anadzionetsa ngati munthu wina ndipo kuti nkhaniyo inakhudzanso kampani ina yogwira nawo ntchito. Apa luso lalikulu silinali la makina, linali lonamiza munthu.

Sikuti nthawi zonse pamafunika mdani. Pa 19 Julayi 2024 kampani ya chitetezo ya CrowdStrike inatumiza kwa makasitomala ake fayilo yolakwika, ndipo makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi Microsoft, anazima nthawi imodzi. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala zinabwerera ku mapepala. Njira yomwe ija imene imalola wosamalira kukonza makina onse kamodzi ndi imenenso inaononga onse kamodzi.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za kutsidya kwa nyanja. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, ndipo kunena zoona mawa limenelo linafika kale m'chigawo chathu. Mu Febuluwale 2020 banki ya Nedbank ku South Africa inalengeza kuti mayina, manambala a ziphaso ndi manambala a foni a makasitomala pafupifupi 1.7 miliyoni anali pangozi chifukwa akuba analowa ku Computer Facilities, kampani imene inkatumiza mauthenga a malonda m'malo mwa bankiyo. Mu Okutobala chaka chomwecho ku Uganda, chiwembu pa Pegasus Technologies, imene imalumikiza mabanki ndi ntchito zotumiza ndalama pa foni, chinachititsa MTN, Airtel ndi Stanbic kuimitsa kaye kusamutsa ndalama pakati pa akaunti ya ku banki ndi foni. Pa nkhani ngati zimenezi pali mawu amene timamva kawirikawiri, akuti makina athu sanakhudzidwe. Nthawi zambiri mawuwa amakhala oona. Koma kasitomala anapereka dzina lake ndi nambala yake kwa banki, osati kwa kampani imene banki inasankha, ndipo kwa iye kusiyanitsa kumeneku kulibe phindu.

Kuno ku Malawi tili ndi chochitika chathu chimene sitiyenera kuchiiwala msanga. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inasiya kusindikiza mapasipoti kwa milungu ingapo. Mu Febuluwale, Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza aphungu kuti makinawo alandidwa ndi achiwembu amene akufuna dipo, ndipo boma silipereka. Makinawo anamangidwa pa kontirakiti ya mu 2019 ndi kampani ya Techno Brain, imene boma linaithetsa mu 2021. Panabuka mkangano pagulu wa chimene chinachitika kwenikweni, ndipo mabungwe ena anakayikira zimene boma linanena. Kugamula mkanganowo si ntchito ya tsamba lino. Chimene tonse tinaona ndi maso n'chakuti ophunzira opita kunja, odwala ofuna thandizo m'mayiko ena ndi amalonda odutsa m'malire anadikira, ndipo dziko silinathe kudzutsa lokha mwamsanga makina osunga mbiri za nzika zake. Pa makina aliwonse amene ena atimangira, mafunso a amene ali ndi mphamvu zonse zolowera, kumene kuli kope lina la mafayilo, ndi amene angayendetse makinawo womangayo atachoka, amayenera kuyankhidwa tsiku losainirana, chifukwa tsiku losiyana mitima imakhala itawawa kale.

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya boma ndi mabanki okha. M'maofesi ambiri a ku Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, wosamalira netiweki si kampani ya dzina lalikulu. Ndi mnyamata mmodzi waluso amene amazungulira maofesi khumi ndi laputopu yake ndi fulashi m'thumba. Ndiye anaika rauta, ndiye amadziwa pasiwedi ya seva ya maakaunti, ndiye analembetsa imelo ndi tsamba la pa intaneti la kampaniyo, kawirikawiri m'dzina lake ndi pa nambala yake ya foni chifukwa bwana anati zimenezo sazidziwa. Pofuna kuthandiza mwachangu amaika AnyDesk kapena TeamViewer kuti azilowa ali kunyumba. Ambiri mwa anyamata ndi atsikana amenewa ndi okhulupirika, amalipidwa mochedwa, ndipo amagwira ntchito popanda pepala lililonse lowateteza iwo kapena owalemba. Koma laputopu imeneyo ikabedwa mu minibasi, kapena fulashi ija ikatenga kachilombo pa ofesi yoyamba, maofesi onse khumi ali pangozi. Akapeza ntchito ku Johannesburg, kampani imatsala ndi imelo imene singathe kuilamulira. Imeneyi ndi nkhani ya Kaseya yomwe ija pa msinkhu wathu, ndipo mlandu wake suli pa katswiriyo kuposa mmene ulili pa mwini bizinesi amene sanafune kudziwa.

Nanga malamulo afika pati? Ku Ulaya asuntha ndithu. Lamulo la European Union lotchedwa DORA, limene linayamba kugwira ntchito pa 17 Januwale 2025, limakakamiza mabanki ndi makampani a inshulansi kusunga kaundula wa onse owathandiza pa za makompyuta, kukhala ndi ndondomeko yochokera kwa wothandiza wina kupita kwa wina, ndipo limalola oyang'anira kufufuza mwachindunji makampani amene ambiri amadalira. Lamulo lina, NIS2, limatchula makampani osamalira netiweki pakati pa ofunika kutsatira miyezo ya chitetezo. Ku Britain, mu Malichi 2025, ofesi yoteteza zinsinsi za anthu inalipiritsa kampani ya Advanced chindapusa cha mapaundi oposa 3 miliyoni chifukwa cha chiwembu cha mu 2022 chimene chinasokoneza nambala ya thandizo la zaumoyo ya NHS 111. Chofunika pa chigamulocho n'chakuti chilango chinagwera wosunga mafayilo a ena, osati eni mafayilowo okha. Malawi ili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo mu 2024 inapeza Data Protection Act, imene inapatsa MACRA udindo woteteza mbiri za anthu. Awa ndi maziko abwino. Koma mphamvu ya lamulo lotere imaoneka pamene bungwe loyang'anira lili ndi anthu okwanira ofufuza, pamene makampani ayamba kunena okha akaloweredwa, ndi pamene chigamulo choyamba chalengezedwa poyera kuti ena atengerepo phunziro. Pamenepo ndi pamene tiyenera kuika maso m'zaka zikubwerazi.

Pali ena amene, ataona zonsezi, amati njira ndi kubweza chilichonse m'nyumba, aliyense azisunga seva yake. Sitikugwirizana nawo. Akatswiri a chitetezo cha makompyuta ndi ochepa ngakhale m'mayiko olemera, ndipo kuno amene alipo amakokedwa ndi mabanki, makampani a foni ndi ntchito za kunja. Magetsi athu ndi ozimazima, ndipo zipangizo zimagulidwa ndi ndalama zakunja zimene n'zosowa. Chipatala cha mishoni kapena SACCO ya aphunzitsi imene ingayese kudziteteza yokha idzakhala pangozi yaikulu kuposa imene yapeza wothandiza wabwino. Kudalira ena kupitirira, ndipo kukula. Makampani atatu okha, Amazon, Microsoft ndi Google, ali ndi gawo loposa theka la msika wa padziko lonse wosungira ena mafayilo ndi mapulogalamu pa intaneti. Microsoft inatsegula malo ake osungirako ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, ndipo Amazon inatsatira ku Cape Town mu 2020, choncho mafayilo a kampani ya ku Blantyre angathe kukhala ku South Africa, pansi pa malamulo a dziko lina, ndipo kuwafikira kumadalira mawaya odutsa m'mayiko ena. Pamene mawaya a pansi pa nyanja a EASSy ndi Seacom anaduka mu Meyi 2024, Malawi inali m'gulu la mayiko amene intaneti yawo inafooka. Ofesi imene zonse zili kutali imaima tsiku lotero ngakhale palibe amene waibera.

Choncho chimene chiyenera kusintha ndi mtundu wa kudalirako. Kampani ya kuno singathe kusintha ngakhale mzere umodzi pa kontirakiti ya Microsoft, koma ingathe kukambirana ndi wothandiza wa mumzinda womwewo, ndipo ingathe kudzisungira zinthu zina zimene siziyenera kuchoka m'manja mwake. Akaunti ya mphamvu zonse ikhale m'dzina la kampani, ndipo mmodzi mwa eni ake akhale ndi njira yolowera ndi yotsekera wina aliyense. Pakhale kope la mafayilo ofunika limene silinalumikizidwe ku netiweki imene wothandizayo amayendetsa, chifukwa ransomware yolowera kwa iye imafunafuna makope omwewo poyamba. Kope limenelo liziyesedwa. Mabizinesi ambiri amadziwa kuti kope lawo n'lopanda kanthu pa tsiku limene akulifuna. Wothandiza afunsidwe kuti iyeyo amadalira ndani, monga mmene Coop inadalira Kaseya kudzera mwa wina, ndipo alembe kuti akaloweredwa adzanena pasanathe maola angati. Wantchito wake akachoka, chilolezo chake chifufutidwe tsiku lomwelo. Ndipo antchito adziwe chochita makina akazima: sitolo ikhale ndi buku la malisiti, chipatala chikhale ndi njira yolembera odwala pamanja, ndipo mtsogoleri adziwe kuti bizinesi yake ingapirire masiku angati. Zambiri mwa izi sizifuna madola. Zimafuna kuti nkhaniyi ichoke pa desiki la wa makompyuta yekha, ifike pa tebulo la bodi pamene amakambirana za ngongole ndi inshulansi.

Pomaliza pali nkhani ya kulankhula poyera, imene kwathu kuno ndi yovuta. Zonse zimene tafotokoza za Target, Kaseya, Change Healthcare ndi Synnovis tikuzidziwa chifukwa kunali malipoti, milandu ya m'khoti, atolankhani olimbikira, ndi akuluakulu a makampani amene anaitanidwa kukayankha mafunso pamaso pa aphungu. Manyazi analipo, koma ena anaphunzirapo ndipo anatseka makomo awo. Kampani ya kuno ikaloweredwa, chizolowezi ndi kuuza makasitomala kuti netiweki yavuta, kukonza mwakachetechete, ndi kupitiriza. Zotsatira zake n'zakuti wothandiza yemweyo, ndi mng'alu womwewo, amapita kukasamalira kampani yotsatira. MACRA ndi Reserve Bank of Malawi angathe kumasindikiza chaka ndi chaka chiwerengero ndi mitundu ya ziwembu zimene auzidwa, ngakhale osatchula mayina, kuti eni mabizinesi adziwe chimene chikuyenda. Nayo nyumba ya malamulo ili ndi poyambira posafuna ndalama zambiri: kufunsa unduna ndi nthambi iliyonse ya boma mndandanda wa makampani amene ali ndi chilolezo cholowa m'makina ake, tsiku limene kontirakiti iliyonse ikutha, ndi dzina la ofesala wa boma amene angayendetse makinawo tsiku lotsatira.